Kachipewa ka sipika kaphwafuka, ndiye akuti mugule ina?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata wina woimba gitala m'gulu la achinyamata kumpingo kwawo. Akuti mapemphero atatha, anthu ali kalikiliki kulongedza zida, kamwana kena kanatosa ndi chala kachipewa kapakati pa sipika ya ampu (bokosi lokweza mawu a gitala), kaja amakatcha dust cap, ndipo kanalowa m'kati n'kung'ambika pang'ono m'mphepete. Ampuyo ndi yobwereka. Wokonza mawailesi wina wamuuza kuti sipikayo basi yatha, angosiya ampuyo pashopu kuti aikemo ina. Ndiye akufunsa ngati zili zoona.

Achimwene, si zoona. Ndipo ngati ampuyo mwaisiya kale kumeneko, siyani kaye kuwerenga, thamangani mukaitenge, mudzapitiriza mukabwerako.

Ndayamba mokalipa chonchi chifukwa mawu akuti "ingoisiyani tiikemo ina" anandidyera sipika yabwino kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo, moti mpaka lero ndikawamva mtima umandiwawa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndinkaimba lidi gitala m'kabandi kena ka maukwati ku Blantyre. Otchuka sitinali, koma chilimwe chikafika Loweruka silinkatipeza pakhomo. Ampu yanga inali Peavey Bandit, imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg kumene ankagwira ntchito. Anaigula kwa munthu, m'makona itasupuka kale, koma m'kati munali sipika yake yobadwa nayo ya mainchesi 12, kumbuyo kwake kutalembedwa kuti Scorpion. Kulemera kwake, ukainyamula kuchokera pasiteji ya minibasi kukafika kuholo umachita kusinthanitsa manja. Kampani yake anaiyambitsa ndi Hartley Peavey ku Meridian, Mississippi, mu 1965, ndipo oimba a m'mabala ndi m'matchalitchi anaikonda chifukwa zida zake sizifa wamba. Yangayo inanyowapo ndi mvula, inagwapo pangolo, anthu anakhalirapo ngati mpando, koma ukaiyatsa inkangolira bwinobwino.

Tsiku lina tinaitanidwa ku ukwati ku Thyolo. Eni ukwati anatumiza lole imodzi yokha, ndipo m'lolemo munalowa zonse: mipando yapulasitiki, miphika ikuluikulu, makireti a zakumwa, zida zathu, ndi azimayi oimba nyimbo za ukwati atakhala pamwamba pa katundu. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya tiyi, katundu anayamba kuyenda yekha. Potsitsa ndinapeza mwendo wa sitandi ya maikolofoni utaboola nsalu ya kutsogolo kwa ampu n'kukaphwafula kachipewa kaja chakumanzere pang'ono. Ndinatuluka thukuta. Koma nditalumikiza gitala n'kukhwatcha zingwe, mawu anali omwe aja. Tinaimba kuyambira masana mpaka perekaniperekani anatha dzuwa litalowa, anthu anavina mpaka fumbi koboo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati gitala ikumveka mwachilendo. Ngakhale woimba besi wathu, amene ankadandaula ndi chilichonse, sanaone kanthu.

Vuto linali mkulu wa bandi yathu. Anali munthu wabwino, wosadya ndalama za anzake, koma wokonda zooneka. Zida zonse zinkakhala kunyumba kwake chifukwa n'kumene tinkachitira pulakatisi, ndipo kachipewa kophwafukako kankamusowetsa tulo, amvekere tikuoneka ngati bandi ya pamowa wamasese. Ine nditapita kumudzi kumaliro, iye anaona ngati akundichitira chifundo, ananyamula ampu ija ulendo kwa wokonza wina m'tauni. Nditabwerako anandilandira akumwetulira kuti ndione mmene yakongolera. Ndinaigwira chogwirira n'kuinyamula, ndipo inakwera m'mwamba mopepuka moti ndinadziwiratu ndisanasuzumire kumbuyo. M'katimo munali sipika yopanda dzina, ya kamaginito kakang'ono, kachipewa kake kapulasitiki konyezimira bwino. Inali sipika ya wailesi ya m'nyumba. Mawu apamwamba ankalasa m'makutu, apansi ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china, ndipo kuti ndimveke pakati pa ng'oma ndi besi ndinkachita kukweza voliyumu mpaka kumapeto. Siinakhalitse. Inapsa tili pakati pa nyimbo pa ukwati wina, fungo la waya wopsa lili guu.

Titapita kukafunsa za sipika yakale ija, yankho linali lalifupi: "Ija inali yakufa, tinataya." Patapita miyezi ndinalowa m'bala ina kukaonera anyamata ena akuimba, ndipo woimba gitala wawo anali ndi bokosi lokhoma yekha, lopanda chotchinga kutsogolo. Sipika yake inali ndi kachipewa kophwafuka chakumanzere pang'ono, ndendende pamene mwendo wa sitandi uja unagunda. Ndinakhala pansi n'kumamvetsera sipika yanga ikulira mokoma m'manja mwa munthu wina. Sindinayambitse mkangano. Mnyamatayo anagula ndi ndalama zake, ndipo ine ndinalibe umboni woposa maso anga.

Chimene chinadzandipweteka kwambiri pambuyo pake n'chakuti masipika a Scorpion ndi Black Widow a Peavey anawapanga mwadala kuti maginito azimasuka. Umamasula mabawuti kumbuyo, n'kuchotsa chimango chonse pamodzi ndi koni (pepala la sipika) ndi koyilo (waya wake wokulungidwa), n'kuikapo chimango chatsopano pa maginito omwewo. Choncho ngakhale ikanakhala yakufa zenizeni, panalibe chifukwa choitayira. Wokonza uja ankadziwa bwino chimene chinali m'manja mwake.

Tsono, achimwene, kuti munthu wina asakupusitseni, dziwani chimene kachipewako kamachita. Sipika ili ndi maginito kumbuyo, ndipo pakati pa maginitowo pali kampata kozungulira kopapatiza kwambiri. M'kampatamo mumalowa koyilo, waya wopyapyala wokulungidwa pa kachubu, ndipo kachubuko kanamatidwa ku koni, pepala lija looneka ngati fanelo. Magetsi ochokera mu ampu akadutsa m'koyilo, koyiloyo imayenda kutsogolo ndi kumbuyo, koni imakankha mpweya, ife n'kumva nyimbo. Malo otsala pakati pa koyilo ndi chitsulo sakwana ndi milimita imodzi yomwe. Kamchenga kamodzi kakalowamo, koyilo imayamba kukhula, mawu amayamba kukhwekhwereza, utoto wotchinga waya umapalika, kenako koyilo imapsa. Kachipewa kaja ntchito yake yaikulu n'kutseka pakamwa pa kampatako basi. Chipewa cha agogo chikaphwafuka pamwamba chimatchingabe dzuwa chimodzimodzi, ndipo kachipewa ka sipika n'chimodzimodzinso. Kuphwafuka si matenda. Kung'ambika ndiye nkhani, chifukwa pamenepo khomo latseguka.

Ndipo kwathu kuno khomo limenelo silifunika kukhala pululu ngakhale sabata imodzi. Fumbi la mwezi wa Okutobala mukulidziwa. Koma choopsa kuposa fumbi ndi tizitsulo. Maginito a sipika amakoka chilichonse chachitsulo, ndiye ngati ampu imasungidwa pafupi ndi owotcherera kapena m'sitolo momwe muli misomali ya dzimbiri ndi sitiliwulu, tinyenyeswa timathamangira m'kampata muja ndipo kutichotsamo ndi ntchito yaikulu. Onjezanipo mphemvu, zimene zimakonda malo amdima ofunda ndiponso zimadya guluu ndi mapepala.

Ena anena kuti ndikupeputsa nkhani, kachipewa kamasintha mawu. Inde kamasintha, makamaka kakakhala kachitsulo. Masipika a JBL D120F amene ankaikidwa mu maampu ena a Fender ali ndi kachipewa ka aluminiyamu, ndipo kamathandiza kuti mawu apamwamba azimveka akuthwa. Ampu ya Roland Jazz Chorus JC-120, imene inatuluka mu 1975, imadziwika ndi tizipewa tiwiri tasiliva toonekera kuseri kwa nsalu. Ka aluminiyamu kakapindika kamasiya mzere, ndipo mzerewo ukang'aluka kamayamba kulira kokha ngati nyenje. Koma masipika ambiri a gitala, monga a Celestion a ku Ipswich ku England aja amapezeka m'mabokosi a Marshall, kapena a Eminence a ku Kentucky, ali ndi kachipewa kapepala kapena kansalu. Sipika ya gitala mwachibadwa siyenda patali pa mawu apamwamba kupitirira 5 kapena 6 kHz, ndipo mawu ake ochuluka amachokera pa koni. Kapepala kophwafuka pakati, mutaika maikolofoni pafupi penipeni mwina mungamve kusiyana pang'ono. M'tchalitchi cha malata, kwaya ikuimba, ana akulira, palibe angamve.

Ndikamaona anthu akunjenjemera ndi kabala kakang'ono pa sipika ndimakumbuka kuti ena mwa mawu a gitala amene dziko lonse limawakonda anachokera ku masipika owonongeka. Mu 1951 gulu la Ike Turner linanyamuka ku Clarksdale, Mississippi, kupita ku Memphis kukajambula kwa Sam Phillips, ndipo ampu ya woimba gitala wawo, Willie Kizart, inawonongeka panjira. Anangotsendera mapepala m'katimo kuti koni igwire, n'kujambula choncho, mawu ake onyenyeka ali momwemo. Mu 1958 woimba gitala wina, Link Wray, anachita kuboola masipika ake ndi pensulo mwadala. Mu 1964 Dave Davies wa The Kinks ku London anacheka koni ya kaampu kake ndi lezala. Mawu onyenyeka omwewo ndi amene Paul Ngozi ndi anzake ku Zambia anawakonda m'zaka za m'ma 1970, kungoti pofika nthawi imeneyo kunali kale timabokosi topondera ndi phazi totulutsa mawuwo popanda kuwononga kanthu. Sindikuti mukatenge lezala, makamaka pa ampu ya eni ake. Ndikungoti sipika si dzira.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kunena ngakhale simunandifunse. Kamwanako kanafika bwanji pa sipika? Ampu iliyonse imabwera ndi nsalu kapena waya kutsogolo. Ngati chala cha mwana chinafika pa kachipewa, ndiye kuti wina anachotsa chotchingacho, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: timafuna anthu aziona sipika ikuvina. Khalidwe limeneli lafala m'matchalitchi, m'mabala, ngakhale m'mashopu ogulitsa nyimbo, ndipo ine ndimadana nalo kwabasi. Ena amati nsalu imatseka mawu. Nsalu ya ampu ndi yoti mukaiyang'anitsa padzuwa mumaona kuseri, ingatseke chiyani? Mwana aliyense padziko lapansi akaona kanthu kozungulira kotukuka amakatosa, ndipo akulu ambiri amafunanso kutero kungoti amachita manyazi. Mwanayo musamukalipire, mayi ake musawachititse manyazi pamaso pa komiti. Wolakwa ndi amene anamasula chotchinga.

Za okonza, ndisawaipitse onse. Ndikudziwa amisiri amene amakhala pakabenchi m'khonde la shopu, waya wopyapyala ngati tsitsi ali m'manja, akuwayinda koyilo yatsopano mozungulira mwakachetechete, ndipo sipika yakufa imadzuka. Amenewo ndimawavulira chipewa, pakuti popanda iwo theka la mabandi ndi makwaya athu likanakhala chete. Koma mmisiri weniweni akaona kachipewa kong'ambika amakuuzani kuti ndi ntchito yaing'ono, amakonza inu muli pomwepo kapena amakuuzani kuti mubwere mawa guluu akauma. Amene amathamangira kunena kuti yatha asanaiyese n'komwe, pali ziwiri: sadziwa ntchito, kapena waikonda sipikayo. Ndipo ine, chionereni zanga zija, ndimaganiza chachiwiricho. Ndimanena mosabisa kuti munthu wochotsa sipika yobadwa nayo mu ampu ya mnzake n'kuikamo ya wailesi ndi wakuba, ngakhale atapereka lisiti. Sipika ya gitala ili ndi koni yopepuka ndi m'mphepete mouma mwa pepala, imafuula kwambiri ndi mphamvu yochepa. Ya wailesi ili ndi m'mphepete mwa labala kapena thonje lofewa, anaipangira ntchito ina. Ndiye pali nkhani ya ma ohm, muyezo wa mmene sipika imachepetsera kuyenda kwa magetsi: mukaika ya 4 pamene ampu imafuna 8, ampuyo imatentha ndipo mawa mudzakhala mukulira zina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sipika imene muli nayoyo ndi yabwino kuposa imene akukulonjezaniyo.

N'chifukwa chake masiku ano chida changa chisanapite kwa wokonza aliyense ndimajambula kumbuyo kwa sipika ndi foni, dzina ndi manambala zioneke, ndipo ndimalemba chizindikiro changa pa maginito ndi penti, iye akuona. Ena amakhumudwa. Akhumudwe.

Inu poti ampu ndi yobwereka, auzeni eni ake musanaigwire, muwaonetse ndi kalata inoyi ngati mukufuna. Kubisa n'kukabweza mwakachetechete ndi kumene kumadanitsa anthu, osati kachipewako.

Yesani kaye ngati sipika ili moyo

Zimitsani ampu, zulani pulagi kukhoma. Tambasulani zala mozungulira kachipewa, pa koni, n'kukankha pang'onopang'ono mofanana mbali zonse. Ikalowa n'kubwerera mwakachetechete, koyilo ili bwino. Mukamva kukhula, ndiye kuti mwalowa kale zinyalala kapena koyilo yapindika. Chotsani mawaya awiri a sipika, mukumbukire uti unali pati, n'kugunditsa batire la tochi la 1.5 V pa timiyendo take: iyenera kulira kuti "thu" koni n'kusuntha. Ngati muli ndi mita yoyezera zamagetsi, sipika ya 8 ohm imaonetsa pakati pa 6 ndi 7, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Musalowetse dzanja kumene kuli mawaya a ampu yeniyeniyo. Ampu ya machubu agalasi imasunga magetsi opitirira 400 V m'makapasita ngakhale itazimitsidwa, ndipo musaiyatse sipika ili yosalumikiza, mungawotche thiransifoma yake. Sikuludiraiva igwireni zolimba mukamamasula sipika, pakuti maginito amailanda m'manja n'kuiponyera pa koni. Masipika ambiri abooka motero.

Kukonza kwake

Kophwafuka chabe mukhoza kukasiya. Ngati kakukunyansani, matani tepi yapepala ija ya opaka penti pamalo olowawo, isisiteni ndi chala kuti igwire, n'kukoka pang'onopang'ono. Kapepala kouma gwa kamamvera mukakanyowetsa pang'ono ndi kansalu kachinyezi. Paipi ya makina oyamwa fumbi imathandizanso, koma muyambe muli patali chifukwa ikhoza kukazula konse. Zikakanika, pindani nsonga ya singano, boolani pakati pa dzenjelo, kokani, kenako tsekani kabowoko ndi kadontho ka guluu. Masipika ena ali ndi bowo pakati pa maginito kumbuyo, ndipo ngati mulibe kawaya kotchinga mukhoza kulowetsamo pensulo, kofufutira kali kutsogolo, n'kukankha mofatsa.

Kanu kang'ambika m'mphepete, ndiye chitani izi. Tembenuzani sipika iyang'ane pansi n'kuigogoda pang'ono kuti zinyalala zigwe. Tukulani kachipewa monga ndafotokozera. Sungunulani guluu woyera wa akalipentala ndi madzi pang'ono, dulani kachidutswa ka pepala la tibagi louma, kaikeni pong'ambikapo, n'kupaka guluu wochepa kwambiri ndi nthenga kapena kaburashi. Guluu wambiri amalemeretsa koni ndipo akhoza kudonthera m'kati. Super glue ayi ndithu: amayenderera ngati madzi mpaka kukamata koyilo, ndipo akauma amasweka sipika ikayamba kugwedera.

Kakakhala konyenyekeratu, pezani kena kwa amisiri aja, amakhala ndi masipika akufa ambiri, kapena gulani katsopano kokulirapo pang'ono kuposa kakaleko, kopangidwa ndi zofanana nazo. Dulani kakaleko ndi lezala latsopano, sipika itapendekera pansi, ndipo musiye kamkombero kake kali pa koni pomwepo. Musapale, chifukwa mawaya awiri a koyilo amadutsa pamenepo atakwiririka ndi guluu wakuda, ndipo mukadula umodzi sipika yafa zenizeni. Pakani guluu m'mphepete mwa katsopanoko, kakhazikeni pakati penipeni, vundikirani kapu yopepuka pamwamba kuti kagwire mbali zonse, n'kusiya mpaka mawa.

Poyesa yambani ndi voliyumu yochepa, mukhwatche chingwe chachikulu cha E chokha n'kuchisiya chilire mpaka chitasiya. Mukamva kulira kwa nyenje, yendetsani chala m'mphepete mwa kachipewa pang'onopang'ono. Pamene phokosolo lileke mutagwirapo ndi pamene guluu sanafike, ndiye onjezanipo kadontho n'kudikiranso usiku wina.